Tsiku Limene Ndinachapa Madola

Anzanga, musandione chonchi, ine ndinachapapo ndalama ndi sopo n'kuziyanika pachingwe ngati matewera.

Paja ganyu yanga ndi yotsitsa matumba m'malole ku Lochinvar, kuno kudziko la eni, ndipo malipiro ake amabwera dola imodziimodzi, yakuda bii, yofewa ngati sanza. Sabata yabwino ndimabisako zisanu, yoipa ndiye palibe chobisa. Miyezi inayi yathunthu ndinavutika kusonkhanitsa zoti amayi ku Dedza agulire feteleza mvula isanagwe. Ndiye mnzanga wina kuntchito n'kundiuza kuti ku Malawi osintha ndalama amakana madola akuda. Mtima unangoti myuu! Chikhalirecho bambo Mbewe, amene amatinyamulira katundu ndi ndalama zopita kumudzi, amanyamuka mawa lake masana.

Kutacha, mkazi wanga atapita kukagulitsa tomato, ndinatenga beseni ndi sopo n'kuyamba kuchapa imodziimodzi, mwaulemu, kenako pachingwe. Mapegi atandithera ndinangoti aaa, chinthu chonyowa chingapite kuti? Zotsalazo ndinangozikoloweka, ine ulendo kukasamba.

Kodi mumamudziwa kamvuluvulu wa ku Caledonia kuno kumene timakhala? Thovu lili kumaso ndinangomva Amai Tendai, oyandikana nawo nyumba, akukuwa m'Chishona kuti kumwamba kukugwa ndalama. Mayo ine! Ndinatuluka ndi kathaulo kokha, dzanja ili lagwira m'chiuno, linalo likuwakha madola m'malere.

"Zangatu izo! Za feteleza wa amayi!"

Ina padenga, ina m'ngalande, ina nkhuku yathawa nayo. Podumphira ya padenga ija ndinaiwala n'kukweza manja onse awiri, kathaulo n'kutsazika. Abale inu, linali Lachinayi, azimayi a mpingo wathu anali pomwepo, mayunifolomu ali mbee, akuchokera kumapemphero!

Koma Mulungu ngwabwino. Amai Tendai anandiponyera chitenje, ndipo azimayi aja, misozi ili chuchuchu ndi phwete, anatolera madola onse, ndi ya nkhuku yomwe. Palibe inasowa, kungoti tsopano anali akuda kuposa poyamba.

Ndinathamangira kwa bambo Mbewe manyazi ali tho.

"Pepani bambo, ndinayesetsa kuchapa koma zakanika. Kaya akalandira kumeneko?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kuchapa? Mwana wanga, madola awa sawoloka malire ayi. Ndigulira mafuta a galimoto konkuno, amayi ako ndikawapatsa makwacha anga."

Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo, kuseka kapena kulira osadziwa. Patatha masiku atatu amayi anaimba foni kuti feteleza wagulidwa, mtima wanga n'kukhala m'malo.

Ndinalumbira ndithu: ndalama, ngakhale inunkhe nsomba, sindidzaisambitsanso. Koma mpaka lero mphepo ikangoyamba, Amai Tendai amasuzumira pampanda atanyamula chitenje: "Baba, lero simuchapa?"