Njinga Yamoto Imene Inathawitsa Ankhoswe

Mpaka lero ndikamva njinga yamoto ikulira m'phiri, msana umayamba kundiwawa. Musaseke msanga, imvani kaye.

Ndinali nditangobwera kumene ku Halale kokagwira ntchito m'minda ya fodya, matama ali tho. Ndinkafuna kuti tsiku la chinkhoswe changa ndikafike kwawo kwa Nambewe, kumapiri a ku Ntchisi, pa njinga yamoto. Masiku amenewo, nthawi ya msonkho wa nyumba, ankakwera zimenezi ndi azungu okha.

Mmwenye wina wa sitolo ku Lilongwe anali nazo ziwiri. "Iyi ndi yatsopano," iye anatero, "koma udikire mpaka boma liipatse nambala. Inayi ili ndi nambala kale, ukwera lero lomwe."

Chinkhoswe chinali Loweruka lomwelo, ndiye ndidikirenso chiyani? Ndinatenga ya nambala ija. (Kufunsa kuti mwini wake woyamba anali yani, ayi, nzeru imeneyo sinandibwerere.)

Tinanyamuka ndi amalume, ankhoswe anga, atandigwira m'chiuno ngati mwana wakubere, akuimba nyimbo ya kutchalitchi maso ali chitsinzinire. Titapitirira ku Dowa, ndinaona amuna akutaya makasu m'minda n'kuliyatsa liwiro. Mtima unati mbee! Ndinkati akukaitana anzawo adzandione. Ndinafinyanso lipenga lake kuti amve bwino.

Kufika kwa Nambewe, tinapeza mphasa zoyalidwa, thobwa m'mitsuko, nyama ya mbuzi ikununkhira, koma panalibe mwamuna olo mmodzi. M'makonde munali amayi okhaokha. Kenaka azakhali ake a Nambewe anayandikira, nayang'ana nambala, nandiyang'ana ine.

"Iii, ndinu bambo? Nanga bwana wa msonkho mwamusiya kuti? Njinga iyi ndi yake, kulira kwake ngakhale agalu amakudziwa!"

Popanda amalume a Nambewe panalibe chinkhoswe, ndipo iwo ndi amene anatsogolera liwiro lothawira kuphiri. Ndinakwera phiri ndi suti yanga ya ku Halale ndikukuwa, "Tsikani, ndine mkamwini wanu!"

Mawu anachokera kuseri kwa mwala: "Bodza! Wakutuma bwana!"

Ndinatsika ndili ndi mantha kuti mkazi wandipulumuka. Koma kumudzi ndinapeza chisangalalo chokhachokha. Amayi anali atazungulira mphika wa mbuzi uja, akudya chiwindi chimene chaka chonse amangochinunkhiza, misozi ya phwete ili mbwe. Azakhali aja anati, "Mkamwini ndi ameneyu! Uzibwera tikapha mbuzi, mwananga."

Nambewe anakawatenga yekha amalume akewo. Anatsika dzuwa litapendeka, jekete litang'ambika, akudzikanda thupi lonse chifukwa anabisala m'chitedze. Anakhala pamphasa, nandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili kumsana.

"Mwana wathu tikupatsani," anatero. "Koma chinthu chanucho muzizimitsa kumtsinje. Chikalira m'mudzi muno, ukwati watha."

Ndinavomera ndi manja awiri, chimwemwe chitandigwira, osakumbukira kuti mtsinjewo uli kunsi kwenikweni kwa phiri, ndiponso kuti mkamwini amakhala kwawo kwa mkazi. Zaka zonse za chikamwini changa ndinkaikankha njinga ija pachitunda, Nambewe ataima pamwamba manja ali m'chiuno, akufuula kuti, "Limbikani bwana, yatsala pang'ono kukunyamulani!"