A Mawaya ndi Ng'oma Yochedwa

A Mawaya ankadana ndi kuyamikiridwa. Anthu ena amadana ndi njoka, ena apongozi, koma iwo chimene chinkawanyansa chinali munthu kuwauza kuti nyimbo yawo ndi yabwino. Aliyense wokhala m'nyumba yosanja ija ankadziwa zimenezi, ndipo wobwera kumene ankachenjezedwa akadali pa makwerero ndi katundu wake: madzi amavuta m'mawa, chitseko chakunja chimafuna phewa, ndipo bambo wa pamwamba uja osamuyamikira.

Dzina la Mawaya linachokera ku ntchito. Ankakonza mafiriji ndi mafani, akaweruka n'kumapanga nyimbo pa kompyuta. Osati za gitala kapena zoimba ndi pakamwa ayi, koma zija za makina, zongoti du du du, tsi tsi, mpaka makapu kumavina okha m'kabati. Chipinda chimene akazi awo ankafuna chikhale cha alendo chinadzaza ndi masipika, mawaya opiringizana, ndi kabokosi ka mabatani a mphira kamene ankakamenya ndi zala kuti katulutse ng'oma.

Akazi awowo, mayi wofatsa amene ankagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala za anthu m'tauni, ndiwo anali oyamba kupsa nalo khalidweli. Atangokwatirana kumene, bambo anawaikira nyimbo ina, iwo mwachikondi n'kunena kuti, "Yakoma, bambo."

"Yakoma pati?"

"Yonse."

"Ndiye kuti simunamve chilichonse," anatero a Mawaya, n'kuifufuta nyimboyo pomwepo mayi akuona. Kuyambira tsiku limenelo mayi anaphunzira kusunga mawu okoma m'kamwa, ndipo banja linayenda bwino.

Wachiwiri anali telala wa chipinda chapansi, munthu wa pakamwa pashuga chifukwa cha ntchito yake youza makasitomala kuti aoneka bwino. Anakumana nawo pa makwerero n'kuwauza kuti, "Achimwene, ya dzulo ija ndi moto!" A Mawaya anamuyang'ana ngati wawatukwanira makolo, ndipo dzinja lonse sanamupatse moni. Anagwirizananso tsiku limene telalayo, mutu utamuwawa, anakwera pamwamba atapsa mtima, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Phokoso lanuli likumveka ngati munthu akugubuduza migolo padenga!"

Nkhope ya a Mawaya inawala. "Migolo yodzaza kapena yopanda kanthu?"

"Yopanda kanthu!"

"Ndimadziwa ine. Pansi pake palibe kulemera. Lowani achimwene, khalani apa. Mayi, tiyi wa alendo!"

Telala anatuluka m'menemo atamwa tiyi, atamvetsera nyimbo yomweyo mpaka makutu kuchita dzanzi, ndiponso ataphunzira kuti pakhomo pa a Mawaya munthu amagogoda ali ndi dandaulo m'manja.

Koma kwawo kwenikweni kwa a Mawaya kunali pa intaneti. Kumeneko anali pa gulu la anthu opanga nyimbo za makina, anthu osaonana nkhope, ongodziwana ndi maina opeka. Gululo linali ndi lamulo limodzi lokha: usanaike nyimbo yako, uyambe watchula cholakwika mu nyimbo ya mnzako. Kuyamikira kunali koletsedwa, ndipo wolemba kuti "zili bwino" ankathamangitsidwa ngati wakuba. Mfumu ya kudzudzula pa gulupo anali wina wodzitcha Chikwapu. Ameneyo ankalemba kuti, "Nyimboyi ikuyamba ngati ikupepesa," kapena, "Pakatipa mwaikapo chiyani, mphaka wagwera m'ndowa?" A Mawaya ankawerenga zimenezi mokweza pa tebulo, chifuwa chili patsogolo.

"Mwamva mayi? Uyu ndiye m'bale wanga weniweni. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Mnansi wake simukumudziwa ndi nkhope yomwe."

"Nkhope ndiichite chiyani? Khutu lake ndikulidziwa."

Mayi sankadandaula. Amuna ena amathera ku mowa, awo ankathera m'chipinda cha alendo, ndipo ankadziwa kowapeza. Ankawakonda bambo aja, ndi phokoso lawo lomwe.

Kenaka dzanja lamanzere la a Mawaya linayamba kuchita zachilendo. Mayi ndiwo anayamba kuona. Kapu inawapulumuka n'kusweka. Mawa lake malaya amene mayi anawasitira bwinobwino anatuluka nawo mabatani atasemphana, ndipo atawakonzera anaona kuti zala za kumanzere zikungopapasa batani osaligwira. Tsiku lina anabwera kuchokera ku ntchito atadzicheka ndi chitsulo cha firiji, magazi akuyenderera, iwo osamva kanthu.

Pa gulu paja nawonso anamva, koma iwo anamva ndi makutu. Dzanja lamanzere ndi limene linkamenya ng'oma yaing'ono, ija yoyankha yaikulu. Chikwapu analemba kuti, "A Mawaya, ng'oma yanu yaing'ono ikufika mwambo utatha." Ena anavomereza kuti ikuchedwadi, ndipo nyimbo iliyonse yatsopano inkachedwa kuposa yapitayo.

"Bambo, tiyeni kuchipatala," anatero mayi.

"Kuchipatala ayamba kuchiza ng'oma?"

"Ndikunena dzanja."

"Dzanjali lachita ulesi basi. Mankhwala a ulesi ndi ntchito."

Ndiye anayamba kulilanga dzanjalo. Ankamenya ng'oma pa tebulo, pa chitseko cha firiji ya kasitomala, pa mpando wa basi, ngakhale pamsana pa mayi akamatsuka mbale. Wina pa gulu anawakumbutsa kuti pa kabokosi kawo pali batani lowongola ng'oma, loti ukalidina makina amakoka ng'oma yochedwa n'kuiika pamalo pake. A Mawaya anayankha ndi zilembo zikuluzikulu: "Ndikadina limenelo woimba akhala ndani, ine kapena kompyuta? Ndisanalidine muyambe mwandiika m'manda."

Mayi anayesa njira zonse. Anaitana alamu awo, a Mawaya n'kuwaikira nyimbo mpaka alamuwo anaiwala chimene anabwerera. Ananama kuti iwowo ndiwo akudwala ndipo akufuna kuperekezedwa, bambo n'kuwaperekezadi mpaka pa chipata cha chipatala, n'kukhala panja pa benchi akumenya ng'oma pa bondo. Analira, anakwiya, anasiya kulankhula. Mapeto ake anazindikira chinthu chowawa: mwamuna amene anakhala naye zaka zonsezi ankamva anthu a pa foni kuposa mkazi wake.

Ndiye nawonso analowa pa gulu. Anadzitcha Simbi, poti ndicho chida chimene ankachidziwa. Pansi pa nyimbo yatsopano ya bambo analemba kuti, "Nyimbo ndilibe nayo mawu. Mwini wake akugwetsa makapu ndipo sakumva akadzicheka. Muuzeni apite kuchipatala." Sipanapite nthawi, woyang'anira gulu anafufuta uthengawo n'kulemba kuti, "Pano timadzudzula nyimbo, osati anthu."

Pa chakudya a Mawaya anawayang'ana mayi cham'mbali.

"Pa gulu pathu palowa Simbi wina wake. Sadziwa malamulo."

"Simbi ameneyo ali ndi nzeru."

"Nzeru ali nazo. Khutu alibe."

Mayi sanagwe mphwayi. Anamulembera Chikwapu payekha, mosapsatira mawu. Anamuuza za kapu, za mabatani a malaya, za magazi aja. Anamuchonderera kuti, "Inu amakumverani. Chonde muwauze." Chikwapu anayankha ndi ulemu umene pa gulu sanauonetsepo, kuti wamva, mayi asade nkhawa, awauza lero lomwe.

Anawauzadi. Koma munthu amene zaka zonse walankhula ndi chikwapu sadziwa kulankhula kwina. Analemba kuti, "A Mawaya, dzanja lanu lamanzere linafa kale, likungodikira mwini wake. Pitani nalo kwa dokotala lisanayambe kununkha." Gulu lonse linafa ndi phwete. Tinkhope toseka tinachita kusefukira. A Mawaya anaseka mpaka kutsamwa, misozi mbwembwembwe, akumenya tebulo ndi dzanja lamanja.

"Mayi, bwerani mudzamve! Chaka chino palibe amene watukwanidwa bwino chonchi. Awa ndi mawu opachika pakhoma!"

Mayi anapita kukhitchini, anatsegula mpopi kuti madzi azisokosera, n'kulira.

M'mawa wa tsiku lomaliza bambo anakhala pa tebulo kuti adye. Supuni inawavuta, anaisinthira ku dzanja lamanja. Mayi akutuluka kupita ku ntchito, anaima pakhomo n'kubwerezanso pempho lawo lija, mawu atatopa kale.

"Ndamva, mayi," anatero a Mawaya. "Ndimalize iyi yokha, mawa tipita."

Aka kanali koyamba kuvomera. Mayi anatsika makwerero mtima uli myaa, ndipo ku ntchito anasita malaya a anthu akuimba.

Opanga nyimbo za makina amajambula kachidutswa kakafupi ka nyimbo, makina n'kumakabwereza okha mpaka munthu awaimitse. M'mawa umenewo kachidutswa kotero kanayamba kulira m'chipinda chapamwamba, ndipo sikanaime. Anthu sanadabwe, chifukwa a Mawaya ankatha kubwereza chinthu chimodzi mpaka makoma kuchiloweza. Koma telala, ali pansi paja pa makina ake osokera, anaimika phazi n'kutchera khutu. Ng'oma yaing'ono inali kugwa pamalo pake ndendende. Atasoka kolala, inali pomwepo. Atadya chamasana, inali pomwepo. Chinachake chinamulasa mumtima kuti munthu wamoyo sangakhale nthawi yonseyi osasintha kanthu, ndipo anakwera makwerero.

Anafika mpaka pakhomo. Anakweza dzanja kuti agogode, kenaka anaima. Akatsegula ndiwauza chiyani? Anamvetsera kufuna cholakwika choti alowe nacho. Analibe. Chimene chinali pakamwa pake chinali chimodzi chokha, kuti achimwene lero ndiye yawongoka, ndipo anakumbukira dzinja lija lopanda moni. Anatsitsa dzanja, n'kubwerera kukasoka.

Mayi anawapeza bambo madzulo. Anali atagwa cham'mbali pakati pa mpando ndi sipika, mahedifoni ali m'khosi, thupi likadali lofunda koma maso osaona munthu. Pa kabokosi paja batani lowongola ng'oma linali likuyaka. Analidina okha. Anadziwa kuti dzanja lawakana, ndipo anasankha kugonja kwa makina asanagonje kwa dokotala. Anamwalira kuchipatala mawa lake, tsiku lomwe analonjeza kupitako. Dokotala anati mtsempha wa m'mutu unali ukuchenjeza kwa nthawi yaitali, ndipo akanapezeka masana mwina zikanakhala zina. Telala anali pomwepo pamene mawuwa ankanenedwa. Mpaka lero akamva mapazi a mayi pa makwerero amawerama n'kumafuna singano imene sinagwe.

Pa gulu, lamulo linafa tsiku lomwelo. Anthu amene anawatukwana a Mawaya zaka zonse anayamba kupikisana kuyamikira. Katswiri. Mphunzitsi wathu. Nyimbo zake zinalibe banga. Pa makwerero nawo anthu amene ankatseka mawindo ndi ukali ankawagwira mayi dzanja n'kumati, "Bambo anali ndi luso, nyimbo zawo zinkatisangalatsa." Mayi ankangogwedeza mutu. Akanakhala moyo mwini wake, nyumba yonseyi ikanakhala yopanda moni mpaka chaka chamawa.

Maliro atatha, mayi anatenga kachidutswa komaliza kaja n'kukaika pa gulu m'dzina la Simbi. Analemba kuti, "Iyi ndi yomaliza. Chonde tsatirani lamulo lanu, munene cholakwika." Ankafuna munthu mmodzi yekha woti alankhule ndi amuna awo ngati akadalipo. Kunabwera timitima ndi timaluwa. Patapita masiku angapo, Chikwapu analemba kuti, "Ndamvetsera, mayi. Palibe cholakwika. Mundikhululukire." Atatero anatuluka pa gulu, ndipo sanamvekenso.

Panopa nyumba yosanja ija ili zii. Makapu amakhala m'kabati osagwedezeka. Anthu amagona bwino, amadzuka bwino, ndipo wobwera kumene amangouzidwa za madzi ndi chitseko. Mafiriji akafa amapita nawo kwa munthu wina m'tauni, amene ukamuuza kuti wagwira ntchito yabwino amati zikomo.

Mayi chipinda chija sanachisandutse cha alendo. Loweruka akaweruka amalowamo, amapukuta fumbi pa masipika, n'kukhala pa mpando uja. Nyimbo yomaliza saiika. Iyo ndi yowongoka bwino, koma dzanja la amuna awo mulibemo. Amasankha zija za miyezi yomaliza, zimene gulu linkaziseka, zimene iwo eni ankazimva ndi mantha ali kukhitchini. Ng'oma yaikulu ikagunda, amagwira mpweya n'kudikira yaing'ono ija. Imachedwa, koma imafika.