Tsiku limene ndinaika Sipikala m'manda ali maso

Kuno ku Chikwa, kupatula uphunzitsi, ndimadziwika ndi ntchito imodzi: kuwerenga mbiri ya malemu pamaliro. Mawu anga amaliritsa ndi amuna omwe, ndipo ndinkanyada nazo.

Chaka china mphepo inasasula denga la makalasi awiri, ana n'kumaphunzira pansi pa mtengo, mvula ili pafupi. Ahedi anaitana mkulu wina wopuma pantchito, amene anayambira uphunzitsi pasukulu pathu pomwepa asanakhale Sipikala wa nyumba ya malamulo, kuti mwina angatipezere malata.

"Inu mudzawerenga mbiri yawo, kenako mupemphe malata," anatero ahedi.

Ndinalemba bwinobwino, n'kuvala jekete yanga yakuda, ndilibenso ina. Tsikulo litafika, nditangoimirira pamaso pa mlendoyo ndi anthu onse, mawu anatsika okha ngati pamaliro. Ndinati anabadwira m'banja losauka, ankapita kusukulu opanda nsapato, anakhala phungu, anaweruza mikangano ya aphungu mosakondera. "Anali munthu wofatsa," ndinatero, anthu n'kuweramitsa mitu. Mayi wina kumbuyo anayamba kusisima, ine n'kumati zikuyenda!

Ahedi anandikoka jekete, ndinayesa akuti ndikweze mawu. Lilime linangotsata njira yake yakale: "Asiya mkazi, ana asanu ndi zidzukulu. Mzimu wawo uuse mumtendere."

Amayi ena amene anachedwa, atangomva zimenezo pachipata, anayamba kulira maliro enieni. Mwini mzimuyo ali pampando patsogolo panga, botolo la madzi m'manja! Kodi munafunapo kuti nthaka ikumezeni? Za malata sindinatchule n'komwe, mumtima ndinangoti ana aja ndawanyowetsa ndine.

Mkuluyo anaimirira pang'onopang'ono, akutsamira ndodo.

"Aphunzitsi, zaka zonse zija aphungu ankangondikuwiza, palibe ananditamandapo chonchi. Manje poti ndamwalira, chipepeso chake ndipereka ndekha. Malata angati?"

Denga linakhomedwa mvula isanagwe. Pochoka anandigwira dzanja nati, "Pepalalo musataye. Mudzaliwerengenso, koma mudikire ndikuuzeni."

Chaka chathachi mkuluyo atamwaliradi, akubanja kwawo anandiitana, akuti anasiya mawu. Ndinaima pafupi ndi bokosi lawo ndi pepala lomwe lija, osasintha kanthu, ndipo kwa nthawi yoyamba amene analephera kumaliza chifukwa cha misozi ndinali ine.

Kuyambira tsiku la malata lija, mbiri ya munthu wamoyo sindiwerenganso. Akandipempha ndimayamba ndafunsa: "Mwiniwake akupuma?"