Tsiku lomwe ndinatsata muvi wa utaka

"Alamu, utaka wanu wa papepala uja uli kuti?" anakuwa mlamu wanga, mwini boti, khoka litatuluka kachitatu lopanda ngakhale kansomba. Ine ndinabweza mokuwa kuti sukulu si ya aliyense. (Ndine wa mtima wapachala, sindikana.)

Chaka chimenecho ndinali pa ganyu kwa mayi wina wofufuza za nsomba. Iwo ankawerenga nsomba m'malo osiyanasiyana kuzungulira chilumba chathu, ine ndikuyeza kuya ndi chingwe. Tsiku lina ku Chipyela anatulutsa pepala pakompyuta: madontho mbwee, lililonse ndi dzina la malo, pakati patatuluka mivi. Wina wa kuya, wina wa miyala, wina wa mchenga. Wautali zedi unali wa utaka, ukuloza kumanja.

Chidwi chinandigwira, koma sindinafunse. Munthu wa Fomu 4 n'kufunsa mapu? Kumwamba kwa pepala ndi kumpoto, ndiye kumanja ndi kum'mawa, cha ku Mozambiki. Muvi wautali, ulendonso wautali. Basi.

Ndinatenga pepalalo n'kuthamangira kwa mlamu ku Mbungo. "Alamu, siyani chirundu chanu chakalecho, mawa tikapha mwasayansi." (Chirundu ndi mwala wapansi pa madzi pomwe utaka umasonkhana.) Anakana, ndinalalata, mpaka anagonja. Zotsatira zake mwazimva kale. Pobwerera tinapeza anzathu a kuchirundu akuyanika nsomba, ana a mlamu akuyang'ana boti louma.

Madzulo omwewo ndinakagwetsa pepala patebulo pa mayi aja. "Zabodza izi!"

"Bambo, khalani pansi," anatero akubisa kuseka. "Onani, dontho la ku Mbungo lagundana ndi la kuseri kwa chilumba. Mapu amatero?"

Ndinaweramira pepala lija, iwo napitiriza.

"Madontho akayandikana, ndiye kuti nsomba za malowo n'zofanana. Muvi ukungonena kuti madontho a mbali iyi ali ndi utaka wambiri. Ukatalika, umboni wake ndi wamphamvu. Si mtunda ayi."

"Nanga dontho ili kunsonga kwa muvili ndi kuti?"

Anawerenga dzina. Chinali chirundu cha mlamu wanga.

M'mawa mwake ndinalawirira kukamuuza kuti sayansi yavomereza malo ake. Anangondipatsa chitini chokapira madzi, nati ophunzira aziyang'ana pansi pa boti. Ndinakapa mpaka masana, pepala lili m'thumba, ndikudzifunsabe kuti kamuvi ka mchenga kanafupikiranji.