Dazi la ku Galway

A Gondwe, tsekani kaye pakamwapo, mwayamba kale kuseka ine ndisanayambe n'komwe. Inu mwakhala ku Embakasi, pafupi ndi bwalo la ndege la Nairobi muno, zaka zonsezi, ndege zikukudutsani pamutu m'mawa ndi madzulo, koma imene munakwerapo ndi ya ku Lilongwe yokha basi, ndiye mukufuna kutsutsana ndi ine, Kamwendo, pa nkhani za ku Ireland? Misa yatha, tiyi sanapse, khalani pansi nonse pansi pa tenti pano. Amene akuti ndi bodza adzuke adzagwire dazi langali, chifukwa ine umboni ndimayenda nawo pamutu.

Zinayamba pamene mayi a kunyumbawa, amake Tadala ali apowa, anapeza malo okawonjezera maphunziro a unamwino ku Galway, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ku Ireland. Ine ndinali pa ntchito ku bungwe lija la ku Lavington, ndipo nthawi imeneyo ankatilola kugwirira ntchito kunyumba pa laputopu. Koma bwana wathu, Madamu Njeri, mayi wosaseka ndi munthu, anaika lamulo limodzi lokha: gwirirani kunyumba, koma nyumbayo ikhale m'Nairobi muno. Wopezeka kunja, ntchito yatha tsiku lomwelo, ndipo inu mukudziwa kuti kwa ife alendo ntchito ikatha, chilolezo chokhala m'dziko muno chimathera pomwepo.

Ndinayesa kukhala ndekha kunyumba kwathu ku Syokimau, Tadala ali ku sukulu yogonera komweko, abale, ndinalephera. Ndinkawasowa mayiwa mpaka kumalankhula ndi filiji. Sindichita manyazi kunena, ndinkalira. Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinati ngakhale ndivumbwe, ntchito ndikuifuna, mkazi ndikumufunanso. Ndinatseka nyumba, ndinanyamula laputopu, ulendo wa ku Galway osauza munthu.

Ha, dziko lija! Mvula ya kumeneko siigwa kuchokera kumwamba ngati mvula ya anthu, imachokera m'mbali, imayenda chopingasa, imakulowa khutu lakumanja n'kutulukira lakumanzere, ndipo ambulera umaigwira kutsogolo ngati chishango cha Angoni, mukumva? Nanga mphepo! Tsiku lina ndinayanika malaya anga pa chingwe, mphepo ya kunyanja inangoti psiti kuwatenga, ine kuthamangira mpaka pa doko osawaona, ndipo patapita masiku mnansi wanga wa ku Syokimau ananditumizira uthenga kuti, a Kamwendo, anulani malaya anu kukubwera mvula. Anawapeza pa chingwe changa chenicheni, atauma, atapanidwa ndi mapegi. Kuchokera tsiku limenelo zovala zonse ndinkangoziponya pa zenera, zikauma ku Syokimau, mphepo ikatembenuka zinkabwerera, ndipo aneba onse akanatha kulumbira m'khoti kuti Kamwendo ali pakhomo, taonani akuchapa.

Vuto linali Lolemba lililonse, pa msonkhano wa pa kompyuta, umene Madamu Njeri ankafuna kamera ya aliyense ikhale yoyatsa. Ku Nairobi kukamacha, ku Galway kumakhala kudakali bii, kuzizira koti ukatulutsa lilime limabwerera lili ndi chimfine. Ndiye ine kumtunda ndinkavala malaya a manja aafupi, kumunsi mathalauza onse amene ndili nawo pamodzi ndi bulangete, pamphumi ndinkapaka mafuta ophikira kuti lizioneka ngati thukuta, n'kumadzikupiza ndi katoni, mano akugundana, ndikunena kuti, eee, jua kali leo, Syokimau yatentha. Munthu wa ku Syokimau sangalankhule mawu khumi ndege isanadutse, ndiye ndinkati ndikalankhula pang'ono n'kutseka pakamwa ndi dzanja, n'kulira ngati ndege yonyamuka, kenako ngati yotera, kenako ngati sitima yodutsa kumeneko m'mawa ija, mpaka ndinazolowera kwambiri moti tsiku lina ndege yeniyeni inasochera n'kuyamba kuzungulira denga lathu poganiza kuti mnzake akuitana.

Zonsezi zinkayenda bwino, koma ndinaiwala chinthu chimodzi. Magetsi! Ku Galway magetsi sazima, abale. Sazima! Anzanga onse pa msonkhano ankati uyu wasowa, stima yapita, ndiye kuti magetsi azima, uyo chithunzi chauma pakamwa pali yasa, wina akulankhula ngati ali pansi pa madzi, koma Kamwendo yekha ali mbee, kuwala ngati wowerenga nkhani pa kanema, sabata ndi sabata. Anthu anayamba kunong'onezana. Mpaka wina anandifunsa pamaso pa onse kuti, bwana Kamwendo, ku Syokimau kwanuko ndi mbali iti kumene magetsi sazima, nafenso tisamukireko? Mtima unangoti phaa.

Ndinapita kwa mayi mwini nyumba, mzungu wachikulire wokoma mtima, n'kuwapempha kuti Lolemba lililonse azithimitsa swichi yaikulu kwa kanthawi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndi mwambo wa chipembedzo cha kwathu. Ndinati inde mayi, timakumbukira makolo. Mayi aja anagwira pamtima, ndipo kuyambira pamenepo ankathimitsa mokhulupirika, iwonso n'kukhala mu mdimamo mwaulemu, anauza anzawo a ku tchalitchi, anzawo anauza anzawo, mpaka msewu wonse unayamba kuthimitsa magetsi Lolemba m'mawa, ndipo ndikumva kuti mpaka lero akuchitabe.

Koma luso langa lenileni linali kuuma. Inu mukudziwa mmene chithunzi chimaumira netiweki ikavuta. Ine ndinaphunzira kuuma ndekha, popanda thandizo la netiweki. Ndinkatha kuima pakati pa liwu, diso limodzi lotseka theka, mlomo utapotoka, chala chili m'mwamba, osaphethira, osapuma, magazi enieniwo ndinkawauza kuti imani kaye, ndipo ankaima. Funso lovuta likangobwera, ine gwa! Anzanga n'kumati, pole, pepani, Kamwendo wauma, tipitirize. Mayi a kunyumbawa tsiku lina anandipeza nditauma choncho, anandipukuta fumbi n'kundikoleka chikhoto chawo pa chala chija.

Tsopano ku Galway kuli mbalame za kunyanja, zoyera, zazikulu ngati atsekwe, zakuba kuposa khwangwala, zopanda mantha ndi munthu, zoti zimakulanda chakudya m'manja n'kukuyang'ana ngati wolakwa ndiwe. Imodzi inkakonda pa zenera langa, ndinaitcha Mavuto. Nthawi imeneyo, a Gondwe, ine ndinali ndi tsitsi, tsitsi lenileni, lowirira, loti chipeso chikalowamo chinkatuluka mawa lake. Mavuto ankalisirira tsiku ndi tsiku.

Ndiye linafika Lolemba lija. Ndinali nditakhala bwinobwino, mafuta pamphumi, m'dzanja muli chitumbuwa chimene mayiwa anakazinga, nditaluma kamodzi kokha. Madamu Njeri anaonekera pa kabokosi kawo, kumbuyo kwawo kuli katani yawo ya maluwa ya masiku onse. Sanapereke moni.

“Bwana Kamwendo, anzanu akudandaula kuti simuli m'Nairobi. Nyamulani laputopu yanuyo, muloze kamera pa zenera, tione Syokimau tonse.”

Abale, kunja kwa zenera lija kunali nyanja, maboti, ndi mzungu akuyenda ndi galu wovala juzi. Ndinaona ntchito ikupita, ndinaona chilolezo chikupita, ndinaona sukulu ya Tadala, ndinaona ine ndikutsika basi kwathu ku Ntcheu ndi chikwama chimodzi anthu akufunsa kuti bwanji. Ndinachita mantha oti sindinachitepo chibadwire. Magetsi anali atazima kale m'mawa womwewo n'kuyakanso, mayi mwini nyumba anali atapita kukagula mkaka. Chinatsala ndi chimodzi. Ndinatsegula pakamwa ngati ndikufuna kuvomera, n'kuuma pomwepo, chitumbuwa chili m'mwamba.

“Tidikira,” anatero Madamu. “Netiweki ibwerera.”

Ndipo anadikira, mukumva? Anthu onse m'timabokosi mwawo anadikira, ine ndili gwa, misozi ndikuibweza ndi mphamvu ya maganizo, ndiye mphepo inakankha zenera, Mavuto analowa, anayenda pa tebulo, anadziyang'ana pa kamera, anakwera paphewa, anakwera pamutu, anapeza tsitsi lija, anazungulira, anapalasa, anazula apa n'kuyala apo, anamanga chisa, anaikira mazira, anawafungatira, anaswa, ana analira, anawaphunzitsa kuuluka kuchokera pa khutu langa kupita pa kabati, ine osaphethira ngakhale kamodzi, msonkhano ukupitirira! A Gondwe, musandifunse kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, misonkhano ya m'mabungwe mukuidziwa inu.

Koma apa m'pamene panali ngozi. Chithunzi chikauma, chimauma chonse. Sizingatheke munthu kuuma mbalame ikuyendayenda pamutu pake. Ndinamva wina akuti, mbona, bwanji mbalame ikuyenda koma mwini wake wauma? Wina anati, ndipo mbalame imeneyo si ya ku Syokimau. Ndinadziwa kuti zanga zada.

Pamenepo Mavuto anaona chitumbuwa. Anachitsomphola m'dzanja langa, anakupiza mapiko, anatuluka pa zenera, n'kuchoka pa kabokosi kanga cha kumanzere. Ndisanameze n'komwe malovu, katani ya maluwa ija pa kabokosi ka Madamu Njeri inagwedezeka, ndipo Mavuto yemweyo, ndi chitumbuwa chomwecho, chili ndi mano anga, nthenga zili ndi tsitsi langa, analowa cha kumanja n'kutera pa tebulo la bwana. Katani inagwa. Kumbuyo kwake kunaoneka zenera, nyanja, maboti, ndi mzungu yemwe uja ndi galu wake wa juzi.

Madamu Njeri anayang'ana mbalame. Anayang'ana chitumbuwa, ndipo ankachidziwa, chifukwa mu ofesi monse wodya zitumbuwa ndinali ine ndekha. Anayang'ana ine. Kenako mayi uja, bwana wamkulu, woika malamulo, anatsegula pakamwa theka n'kuuma gwa! Ndipo ndikuuzeni, ankauma bwino kuposa ine, ameneyo anali katswiri, zikuoneka kuti anayamba kale.

Tinakhala choncho, iwo gwa, ine gwa, tikuyang'anana, aliyense akudikira mnzake ayambe kuphethira. Anzathu anasokonezeka, wina anati intaneti ya lero yasakaniza zithunzi, wina anati ndi kachilombo ka m'kompyuta, mayi wina wopemphera anayamba kudzudzula ziwanda, mmodzimmodzi anatseka n'kumapita, mpaka tinatsala awiri. Kenako ndinamva kugogoda. Osati pa kompyuta ayi, pa khoma! Khoma lomwe ndinatsamira, la nyumba yoyandikana nayo.

“Bwana Kamwendo,” mawu a Madamu anabwera kudzera pakhomapo, moni wa Chiswahili, “habari ya Syokimau?”

Ndinati, “Nzuri, Madamu. Nanga ku Lavington kwacha bwanji?”

Anati, “Kukuzizira.”

Mwana wamkazi wa Madamu anali atabereka ku Galway komweko, ndipo mayi analephera kupirira osamugwira mdzukulu. Miyezi yonseyo tinkakhala khoma limodzi, iwo akumva ndege zanga n'kumadabwa kuti bwalo la ndege lili pati, magetsi awo akuzima Lolemba lililonse iwo n'kumathokoza Mulungu osadziwa kuti wowathandiza ndine. Sabata yotsatira anauza ofesi yonse kuti afufuza okha, ndi maso awo, ndipo atsimikiza kuti Kamwendo amakhala pafupi kwambiri ndi iwo, nkhani yatha. Za mbalame anati ndi njira yatsopano yotumizira zinthu pa intaneti imene bungwe likuyesa, ndipo mpaka ndinachoka pa ntchito paja anthu ankandipemphabe kuti ndiwatumizireko zitumbuwa.

Ntchito inapulumuka, mayiwa anamaliza sukulu yawo, tinabwerera limodzi ku Syokimau n'kupeza zovala zonse zili pa chingwe. Chimene sichinabwerere ndi tsitsi lokha. Mavuto ndi ana ake analitenga lonse, ndipo pamene panali chisa m'pamene mukuona pakuwalapa. Bwerani a Gondwe, gwirani, musaope, mumva pakadali pofunda pamene panali mazira.

Mwati chiyani, amake Tadala? Kwezani mawu anthu amve. Akuti pa chithunzi cha ukwati wathu dazili lilipo kale. Akutinso ku Galway ndinangopitako kukaonerera iwo akulandira satifiketi, ndipo sabata yonseyo ndinakhala m'bulangete ndikulira kuti ndikufuna kwathu. Taonani, a Gondwe agwa pa mpando ndi phwete. Sekani, sekani ndithu! Koma mayi, poti mwaganiza zondivula pagulu, tayankhani ichi anthu onsewa akumva: ngati ine sindinakhale ku Galway, chikhoto chanu chija munkachikoleka pa chala cha ndani?