Amonke a ku Chilomoni

Lolemba
Fatsani, mwana wanga mmodzi yekhayo, akuti akufuna kukakhala mmonke. Ndafunsa kuti ndi ntchito yanji imeneyo. Akuti ndi azibambo okhala kumpanda, osakwatira, kupemphera ndi kulima basi mpaka imfa. Munthu wowotcherera zitsulo bwinobwino ku Chirimba! Zonsezi ndi mabuku amene anabwereka kuparishi. Ndine Mkatolika, inde, koma Mulungu akatengeko kwa amene anabereka ambiri. Ine zidzukulu ndidzachita kugula kumsika? Ndikuopa, sindinama.

Lachiwiri
Ndawerenga mabukuwo iye ali kuntchito. Lalikulu ndi Chingerezi chouma, ndaikapo poto. Lina, la nkhalamba za m'chipululu, ndi lokoma ndithu, koma asadziwe. Laling'ono lili ndi malamulo a amonkewo, ndipo mankhwala ake ndi amenewa. Alawiretu konkuno. Ndamuuza kuti kuyambira mawa, tonse awiri:
- kudzuka tambala asanalire
- nyama ayi
- foni ayi
- kuyankhula ayi
Munthu wochita kukokedwa pabedi ameneyu, Lachisanu sadzafika.

Lachitatu
Wadzuka ine ndisanadzuke! Wasesa, watunga madzi, watsuka mbale. Chibadwire sindinazionepo. Ine mandasi ndikugulitsa ndi zala ngati wapolisi wa pamsewu. Pakamwa pakuyabwa.

Lachinayi
Amake Tadala, aneba anga, andipatsa moni, ine kungogwedeza mutu. Pofika masana Chilomoni yense wamva kuti ndakhwimira geni, chizimba chake n'kusayankhula. Mandasi abwerera beseni lonse. Madzulo ndiwo ndi bonongwe. Fatsani akudya akumwetulira, pamene ine fungo la nyama yokazinga kwa aneba likundilowa mpaka m'mafupa.

Lachisanu
Zandikanika. Ndazembera kuseri kwa bafa n'kufotokozera nkhuku nkhani yonse ya amake Tadala, ndi manja omwe. Thadzi lina limamvetsera bwino kuposa anthu. Pocheuka, Fatsani waima ndi tsache, akundiyang'ana. Sananene kanthu. Lamulo akulisunga, mwana woipa.

Loweruka
Foni ndayatsa mobisa, ndaitana malume ake ku Bangwe kuti adzamukalipire, paja mwini mbumba ndi iwo. Afika ndi nkhope yolusa. Atsegula buku la nkhalamba lija kuti aone cholakwika, basi nkhani yathera pomwepo. Tiyi wazizira. Kenako akufunsa chapansipansi: "Kodi kumeneko okwatira kale amalandira?" Apita nalo bukulo. Ndalira, kulira kwenikweni, mpaka chitenje kunyowa. Mwana akupita ndithu, ndipo ndamuphunzitsa ndine.

Lamulungu
Kutchalitchi andisiyira benchi yonse ndekha. Pochokera ku Misa, Fatsani watsegula pakamwa: "Amayi, sindipita. Bambo mfumu akuti munthu sasiya kholo lodwala lopanda wolisamala. Mutu wanu sukuyenda bwino, ndadzionera ndekha."

Mtima wanga wakhala pansi. Ndakhala pamwala wa m'mbali mwa msewu n'kumangoseka, iye akundikupiza ndi buku la nyimbo. Ndinafuna kumuuza kuti ndili bwinobwino, koma ndaluma lilime.

Makasitomala athawa, mbiri yaipa, malume sakuyankha foni. Zilibe kanthu. Ndagula nyama, ndipo panopa Fatsani akutafuna fupa pakhonde, diso lili pa ine. Akuti za amonke adzaziganiziranso ndikachira.

Ine ndikuona kuti matendawa ndi okhalitsa.