Gitala ya Achimwene Ndinaisandutsa Bangwe

Nkhani ya gitala ija anthu awiri amaifotokoza mosiyana. Achimwene anga a Yohane amati nsambo zinakhwefuka ndi chiperoni, poti sabata imeneyo nkhungu sinachoke m'minda ya tiyi. Akazi awo a Esitere amati ndinachita dala ine, chifukwa sindinkafuna kuti achimwene akwatire iwowo, mwana wa kapitawo. Onse akulakwa, ngakhale alamu angawo ali pafupi ndi zoona. Dzanja linali langa, koma dala ayi.

Gitalayo achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo kwathu ku Goliati konse inali yokhayo. Ine n'kuti nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi ku mishoni, mutu utadzaza do-re-mi, ndiye ndinati ndiwapekere nyimbo ya pa chinkhoswe chawo. Vuto linali zala zangazi, sizinkafika pamene iwo ankagwira. Tsiku lina atapita ku esiteti ndinakumbuka bangwe wa malemu bambo, amene umangokhwaza nsambo zonse pamodzi n'kumveka bwino. Nanga gitala ingakane? Ndinakhwefula nsambo yaikulu, ina ndinaikunga, ina ndinaitsitsa pang'ono, mpaka zonse zinagwirizana popanda kugwira paliponse. Zinakoma, ndisaname! Chala chimodzi chopingasa, nyimbo n'kumatuluka yokha. Mawa lake ndinayesa machunidwe ena, mkuja enanso, osalemba paliponse mmene zinalili poyamba. Munthu wophunzitsa ana kulemba!

Achimwene sanaikhudze sabata yonseyo, anatanganidwa ndi zokonzekera. Tsono malume ake a Esitere, amene analinso ankhoswe, anali mkulu wa mpingo, ndipo ankati gitala ndi chida cha pa mowa, mwini wake sangasunge mwana wawo. Pa chinkhoswepo achimwene anapempha kuti aimbe nyimbo ya m'buku la mpingo, akuluwo adzimvere okha.

Anaika zala pamene amaika masiku onse. Chimene chinatuluka chinali ngati mbuzi yokodwa mu mpanda wa waya. Anayambanso, chimodzimodzi. Amayi anabisa nkhope m'zilundu. Malume aja anafunsa motsitsa mawu: "Kodi a Yohane, mwalawako kale m'mawa uno?"

Achimwene mowa sanaulawepo chibadwire. Apa ndi pamene ndinayenera kuulula. Koma kodi ndinaulula? Ndinadzuka ngati katswiri n'kunena kuti andipatse ndikonze. Ndinapotokola kachitsulo kokungira nsambo, osadziwa ngati ndikukwera kapena ndikutsika, nsambo yaing'ono n'kuduka, n'kukwapula malume pa khutu pomwe. Nsambo ina inali kwa Amwenye ku Limbe, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi.

Akuluwo sindiwaimba mlandu. Anaweruza zimene anamva, ndipo khutu linali lawo. Komanso ndimati machunidwe ajawo sanali oipa, nyimbo yanga inkakoma ndithu, kungoti gitala inali ya mwini ndipo sindinapemphe. Chimene chimandiwawa n'chakuti achimwene anandiyang'ana kamodzi, anadziwa zonse, n'kuuza anthu kuti ndi nyengo.

Ankhoswe anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Anagamula kuti ukwati ulipo, koma gitala isalowe m'nyumba ya mwana wawo. Achimwene, amene zaka zinayi za ku mgodi ankazipirira ndi gitala imeneyo, sanatsutse. Lolemba anapita nayo kwa kalaliki wa ku esiteti n'kusinthanitsa ndi chitseko cha matabwa.

Chitsekocho ndi chabwino, sichilira n'komwe. Ndikapita kukacheza ndimachikankha ndi chigongono, poti ndinalumbira kuti zala zangazi sizidzakhudzanso chinthu cha achimwene.